Alamu Anga a Tikufufuza

Alamu anga, amuna awo a achemwali anga, anali mneneri. Osati wa kutchalitchi ayi, koma wa kampani ya mabasi. Basi ikafera panjira, katundu wa anthu akasowa, kapena mitengo ikakwera anthu ali m'tulo, mawu amene ankabwera pa wailesi kudzaziziritsa mitima anali awo. Anali mawu okoma, osathamanga, ngati a munthu amene wangomwa kumene tiyi wamkaka. Dzina lawo lenileni linatsalira m'mapepala a kuofesi. Atolankhani anawapatsa lina loti a Tikufufuza, chifukwa funso lililonse yankho lake linkathera pamenepo. Dzinali linachoka ku wailesi, linafika mumsewu mwathu, kenako linalowa m'nyumba, mpaka ana awo omwe ankanong'onezana kuti, "A Tikufufuza abwera, bisa mpira."

Ine ndine telala. Ndinakulira pakhomo pawo kuyambira ndili pasukulu, ndipo makolala a malaya awo akaperepeseka ndinkawatembenuza ndine. Choncho zimene ndikunenazi si zongomva kwa anthu. Ndinenenso poyambirira pomwe kuti alamu angawa ndinkawakonda, ngakhale pakamwa panga sipanawapatsepo mtendere.

Asanakhale mneneri anali mtolankhani wa nyuzipepala, ndipo anali wolusa. Ankabwera madzulo nsapato zili mbuu, thumba la malaya litada ndi inki, akutukwana aneneri onse a m'tauni. Ankati ndi anthu ochapa zovala za eni ake popanda madzi. Koma ana anabadwa, nsapato zinapitiriza kutha, ndipo tsiku lina kampani ya mabasi inawaitana n'kuwaonetsa ofesi yokhala ndi kapeti, galimoto ndi mafoni awiri. Achemwali anavina m'khitchini.

Tsiku loyamba kuntchito yatsopanoyo anabwera akuseka okha.

"Akuti pali mawu amodzi amene ndisamawatchule, ngakhale kumaloto," anatero akumasula tayi.

"Mawu anji, alamu? Otukwana?"

"Oposa otukwana. Pepani."

Tonse tinasiya kudya. Iwo anafotokoza kuti loya wa kampani anawakhazika pansi n'kuwauza kuti mneneri akanena pepani pa wailesi ndiye kuti kampani yavomera mlandu, ndipo mawa lake anthu ali kukhoti atanyamula mawu ake omwewo.

"Nanga mukaponda munthu phazi mumatani?" ndinafunsa.

"Timati tamva dandaulo lanu."

Tinaseka mpaka achemwali anatsamwa ndi madzi. Kwa miyezi ingapo inali nthabwala ya pakhomo. Mwana akaswa kapu ankati, "Tamva dandaulo lanu, amayi," ndipo ankapulumuka chikwapu chifukwa cha kuseka.

Ntchito ankaidziwa, zimenezo sindingawamane. M'mawa ankayatsa mawailesi awiri patebulo, khutu lina uku lina uku, nyuzipepala ili pamiyendo, akudula ndi sizasi yanga paliponse pamene kampani yatchulidwa. Sizasi zanga zinabuntha chifukwa cha iwo. Akakhala ndi zokayankha, ankaima pagalasi la wadirobu n'kumadzifunsa okha mafunso oipa, n'kumadziyankha mofatsa. Ankadziwa kuti wailesi imangotola ziganizo ziwiri, ndiye chabwinocho ankachiika patsogolo. Ankadziwa kuti nkhani yoipa umaitulutsa Lachisanu chakumadzulo, atolankhani atatopa, nyuzipepala itatsala pang'ono kupita kosindikiza. Mtolankhani akawapanikiza, ankamutchula dzina, kumufunsa za ana, kenako n'kumupatsa tikufufuza wake, munthu n'kumapita akumwetulira ngati wapatsidwa kanthu.

Chimene sitinachione msanga n'chakuti tayi ankaivula akafika pakhomo, koma lilime lija ankalowa nalo m'nyumba. Mawu oti ine anasowa pakamwa pawo, kunangotsala ife. Ataiwala tsiku limene mwana wawo wamkazi ankalandira mphoto kusukulu, mwanayo akulira, anamugwira paphewa n'kunena kuti, "Tiona chimene chachitika kuti zisadzachitikenso." Achemwali anandiuza tikuchapa kuti, "Ine ndinakwatiwa ndi munthu mmodzi, pano ndikukhala ndi kampani." Tinasekanso, koma kuseka kwake kunali kutayamba kuchepa.

Sikuti anali ouma mtima. Munthu akadwala mumsewu mwathu, galimoto yoyamba kufika inali yawo. Ankakhala pambali pa bedi, atanyamula malalanje, nkhope ili yachisoni chenicheni. Koma pamene aliyense amati pepani, iwo ankati, "Tili nanu limodzi." Odwala ankangothokoza, poti malalanjewo anali okoma.

Alamu anabadwa awiri okha ndi mlongo wawo. Makolo anamwalira iwo ali mnyamata, ndipo mlongoyo anamulera ndi iwo, kumubereka kumsana popita kuchipatala, kumuluka tsitsi mokhota mpaka anzake kumuseka. Ndi wamsinkhu wanga, ndipo tinkamutchula kuti make mapasa chifukwa cha ana ake aamuna awiri. Akamati "achimwene", umachita kumva kuti munthuyu alibe wina padziko. Mwamuna wake anali dalaivala, ndipo anamulowetsa ntchito pakampani ya mabasi ija ndi alamu omwewo. Okwera basi anamupatsa dzina loti a Ngolo, chifukwa ankayendetsa pang'onopang'ono moti njinga zinkawapitirira pachitunda. Alamu ndi amene ankakonda kwambiri kuwaseka ndi dzinali.

Lamlungu lina banja lonse linadzadya kwathu. Ine ndinkathirira anthu madzi osamba m'manja, ndiye ndinamva ndi makutu angawa.

"Alamu, basi yanga ija mabuleki akumira," anatero a Ngolo. "Akugalaja ndawauza, akungoti mawa, mawa. Mwina inu akumverani."

"Tamva, tizifikitsa kwa oyenera," anayankha alamu akupukuta m'manja.

Kaya anazifikitsa kaya sanazifikitse, sanatiuzepo mpaka kalekale.

Mkati mwa sabata yomweyo, m'mawa, basi ya a Ngolo inakanika kuima pamtsetse wina wotsikira kumlatho. Anthu angapo anafera pomwepo, a Ngolo anali m'gulu lomwelo. Pofika masana tinali titasonkhana kwa make mapasa, mipando itatulutsidwa panja, amayi tili pansi m'chipinda chochezera. Amuna panja anayatsa kawailesi kuti amve ngati atchule mayina a omwalira. Zenera linali lotsegula. Nyimbo ya nkhani itatha, wowerenga ananena za ngozi, kenako anati timve kwa mneneri wa kampani.

"Ife ngati kampani tili ndi chisoni chachikulu. Mabasi athu onse amaunikidwa asananyamuke. Zimene tapeza poyambirira zikuonetsa kuti woyendetsa ankathamanga kwambiri, komabe tikufufuza."

Wina anathamangira kukazimitsa, koma mawu anali atalowa kale. Make mapasa anasiya kulira. Anadzutsa mutu pamiyendo panga n'kuyang'ana kuzenera. Sanafunse kuti walankhula ndani, chifukwa mawuwo ndi omwe ankamugoneka ali mwana.

Alamu anafika dzuwa litapendeka, atavala suti yakuda, atanyamula nkhata ya maluwa yokhala ndi kansalu kolembedwa dzina la kampani. Anthu ankalowa mmodzimmodzi, kugwada pamaso pa mayi wamasiyeyo, kumugwira dzanja n'kunena pepani. Nawonso anagwada.

"Chemwali, tili nawe limodzi pa nthawi yovutayi."

"Muli angati?" anafunsa make mapasa, mawu ali pansipansi.

Alamu anangomuyang'ana.

"Ndikufunsa, achimwene. Mwabwera angati? Ine ndikuona munthu mmodzi. Bambo a mapasa anathamangapo liti? Si inu nomwe munkawaseka kuti Ngolo? Lamlungu lomweli sanakuuzeni za mabuleki?"

"Nkhaniyi ikadali m'manja mwa ofufuza, chemwali. Sitingathe kunenapo zambiri panopa."

"Sindikufuna lipoti. Anthu onsewa, ena sindikuwadziwa n'komwe, andiuza mawu amodzi. Mwatsala inu nokha."

Ndinali pafupi, ndipo ndinayang'anitsitsa pakamwa pawo. Milomo inakumana. Mtima wanga unati mawu aja atuluka tsopano. Nthawi yomweyo foni inalira m'thumba la jekete, imodzi mwa ziwiri zija, ya atolankhani. Anaimirira n'kutuluka kukaiyankha. Make mapasa anatembenukira kukhoma, ndipo nkhata ija mmodzi mwa amayi anaikankhira kuseri kwa chitseko.

Maliro atatha ndinawapeza ali okha pakhonde.

"Alamu, mawu a pa wailesi aja analemba ndani?"

"Anachokera kumwamba."

"Koma anatulukira pansi, pakamwa panu."

Iwo anati, "Pepala limene anatipatsa linkanenanso kuti a Ngolo anali ataledzera. Zimenezo tinazichotsa. Tikanakana kuwerenga, akanawerenga wina, osachotsapo kanthu."

"Ndiye kamuuzeni mlongo wanu zimenezo."

"Za mkati siziululidwa, mlamu."

Ndikukhulupirira kuti ankanena zoona, ndipo n'zimene zimandipweteka kwambiri. Munthu anamenyera nkhondo chiganizo chimodzi m'ofesi ya mabwana, koma analephera mawu amodzi pamaso pa mwana wa mayi ake.

Kufufuza kuja sikunathe. Nyuzipepala zinalemba kwa masiku ochepa, kenako kunabwera nkhani zina. Koma mumsewu nkhani siimatha choncho. Mapasa aja anakula akumva anzawo kusukulu akuwatchula ana a dalaivala amene anapha anthu. Make mapasa anasamukira kutsidya lina la tauni n'kuyamba kugulitsa nsapato zakaunjika pamsika. Alamu ankatumiza zinthu: mayunifomu, mabuku, nthawi ina njinga ziwiri. Wonyamula ndinali ine, wobwera nazonso ndinali ine. Ndinasanduka lamya ya anthu awiri amene mafoni anali nawo m'matumba.

Uthenga wa make mapasa sunkasintha. "Kawauze kuti abwere pano, akhale pampando uwo, anene ndi pakamwa pawo. Njinga sindikuzifuna." Ulendo wake unali wa basi imodzi yokha. Ndikawauza, alamu ankagwedeza mutu ngati akumva nkhani ya kuofesi n'kuyankha kuti, "Tikuyang'ana nthawi yoyenera." Munthu amene ankadziwa ola lotulutsira nkhani iliyonse anadikira nthawi yoyenera mpaka mapasa anamera ndevu, mmodzi n'kukwatira. Kuukwatiko alamu sanaitanidwe. Tsiku limenelo anatsuka galimoto yotsukatsuka kale, kuyambira m'mawa mpaka ife kubwerako.

Kenako kampani inagulitsidwa. Eni atsopano anawapumitsa alamu, ndipo nkhani yake inawerengedwa pa wailesi ndi mtsikana amene anamuphunzitsa okha ntchito. Anati mbali zonse ziwiri zagwirizana mwamtendere ndipo kampani ikuwafunira zabwino. Alamu ankamvetsera ali pampando wawo, atavala masilipasi. Ine ndinkayembekeza kuti akwiya, koma anangoti, "Akanayamba ndi kuthokoza, zogwirizanazo zibwere pambuyo." Kuyambira pamenepo ntchito yawo inali kukhala ndi mawailesi awiri aja n'kumapereka malikisi kwa aneneri a anthu ena. Foni ya atolankhani ankaitchajabe tsiku lililonse, ngakhale inali itasiya kulira.

Tsiku lina anatulukira kushopu kwanga atamanga tayi, nyuzipepala ili kukhwapa, nkhope ikuwala.

"Mlamu, nkhani ija taikonza."

Anatambasula nyuzipepalayo pamwamba pa nsalu ya kasitomala n'kuloza kabokosi kena, pakati pa galimoto yogulitsa ndi chidziwitso cha msonkhano. Panalembedwa kuti: "Ife amene tinali mneneri wa kampani ya mabasi tikudziwitsa anthu onse kuti mawu amene tinalankhula pa nthawi ya ngozi ya pamlatho mwina sanafotokoze mbali zonse za nkhaniyo. Tikumvetsa kuti ena mwina anakhumudwa."

"Tsamba lakumanja, pamwamba," anatero monyadira. "Pamene diso limayambira kuwerenga."

"Alamu, mlongo wanu amakhala m'nyuzipepala?"

"Dziko lonse liona, mlamu."

"Dziko lonse silinafedwe."

Nkhope inagwa. Chisoni chinandigwira, chifukwa ndinaona kuti kabokosi kameneka anakasinkhasinkha masabata ambiri, ndipo kwa iwo kunali kugwada. Anandipempha kuti ndikapereke nyuzipepalayo, ndipo ndinapita nayo.

Make mapasa ndinamupeza akupukuta nsapato. Anavala magalasi, anawerenga mpaka pansi, n'kubwerezanso.

"Ena amenewa ndi ine?" anafunsa. "Nanga mwina ameneyu ndi wa chiyani? Sakudziwa ngati ndinakhumudwa?"

Sanakalipe. Anang'amba tsambalo bwinobwino, kulifinya, n'kuliphatika kutsogolo kwa nsapato yachimuna kuti isapindike. Kenako anandigulira chakumwa n'kundifunsa za achemwali.

Ndinawafotokozera alamu zonse, ngakhale za nsapato, chifukwa ndinali nditatopa n'kusalaza mauthenga. Anazimitsa wailesi imodzi, kenako inayo. Sindinaonepo nyumba ija ili chete choncho masana.

"Ndipita," anatero. "Loweruka ndipita ndekha."

Ine ndi achemwali tinayang'anana. Si za Loweruka zimene zinatidabwitsa, koma kumva munthuyu akuti ndipita. Tinali titaiwala kuti pakamwa pamenepa pangatuluke munthu mmodzi. Anatulutsa malaya awo oyera n'kundipempha kuti nditembenuze kolala, ndipo ndinaisoka tsiku lomwelo, kuchapa, kusita, n'kuwapachika kuchitseko cha wadirobu.

Loweruka lisanafike, m'mawa wina akumwa tiyi, kapu inawapulumuka m'manja. Achemwali anawapeza atatsamira patebulo, pakamwa patakhota. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Mbali yakumanja yonse inafa, ndipo kulankhula kunapita. Dokotala anatiuza kuti nthawi zina odwala otere amatsala ndi mawu amodzi, amene lilime linawazolowera kwambiri. Ena limakhala dzina la mwana, ena kutukwana.

Namwino atawafunsa ngati akufuna madzi, alamu anayankha momveka bwino, ndi mawu awo okoma aja, kuti, "Tikufufuza." Akawafunsa ngati pakupweteka, yankho linali lomwelo. Odwala anzawo m'wodimo anawazindikira ndipo ankaseka. Ine ndinasekanso tsiku loyamba, sindibisa, kenako ndinakalirira kumpopi wa panja.

Ndinapita kumsika n'kumuuza make mapasa zonse: za mawailesi ozimitsidwa, za Loweruka, za malaya amene ali kuchitseko. Analonga nsapato m'thumba, kulisiya kwa mnzake wa benchi yoyandikana, n'kunyamuka nane.

Tinafika nthawi yoona odwala ya masana. Anaima kumiyendo kwa bedi, akuyang'ana mchimwene wake amene sanamuone pafupi chichokereni tsiku la maliro lija. Alamu anali ataonda, imvi zili mbee, dzanja lakumanja lili gone pachifuwa.

"Pepani, achimwene," anatero make mapasa, monga mmene aliyense amanenera kwa wodwala. Mawuwo anangotuluka, osavuta n'komwe.

Alamu anamugwira pamkono ndi dzanja lakumanzere. Milomo inakumana. Masaya anafufuma, koma munangotuluka mpweya. Anayesanso, mitsempha ya m'khosi itaima, misozi ikutsikira m'khutu. Ine ndinkawathandiza mumtima, milomo yanga ikuyenda yokha. Ndiye pakamwa panatseguka.

"Tikufufuza."

Anatseka maso. M'wodi monse munalibe amene anaseka. Make mapasa anatulutsa mpango, kuwapukuta pakamwa ndi m'khutu muja, n'kukhala pampando wa pambali pa bedi. Anawamwetsa madzi ndi supuni, kuwakonzera pilo, ndipo dzanja lawo sanalichotse pamkono pake mpaka belu lotulutsa anthu linalira.

Ndinamuperekeza kokwerera basi. Ndinkafuna kwambiri kuti andiuze kuti zatha.

"Waiona milomo ija?" ndinafunsa. "Amafuna kunena."

"Ndaiona," anayankha. "Ndinaionanso tsiku lija pamaliro."

"Ndiye?"

"Tsiku lija akanatha."

Anabwerabe tsiku lililonse mpaka alamu anamwalira sabata yotsatira. Wailesi inalengeza m'ziganizo ziwiri, chabwinocho chili patsogolo. Pamaliro make mapasa anakhala pansi pambali pa achemwali, ndipo anthu ankalowa mmodzimmodzi, kumugwira dzanja n'kunena mawu aja, iye n'kumayankha aliyense. Alamu tinawaveka malaya oyera amene ndinatembenuza kolala.